Zibangili za Mfumu Sakalamba

MUTU 4

1. Katoni ya a Masiye

Tchuthi chachikulu cha chaka chimenecho Hajara anafika kwawo ndi katundu amene amayi ake sanamumvetse. Anzake a Fomu 2 ananyamula zovala, ndowa ndi mabulangete, koma iye anatsika basi atasenza katoni yolemera ngati muli miyala. M'katimo munali mabuku asanu ndi awiri a Chingerezi, lililonse lonenepa ngati njerwa, ndipo onsewo anali nkhani imodzi yomweyo.

Mwini mabukuwo anali a Masiye, aphunzitsi ake a Chingerezi. Anali munthu wofatsa, wowonda, wa jekete limodzi chaka chonse. Kusukulu aliyense ankadziwa, ngakhale panalibe wonena mokweza, kuti a Masiye anachita kuwasamutsa kuchoka pa sukulu ina yaikulu ya kumwera chifukwa cha mawu amene anayankhula m'kalasi. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kusowa chifukwa cha nthabwala.

Tsiku lotsekera sukulu anamuitana ku ofesi, natseka chitseko.

"Hajara, ndaona kuti mabuku a mu laibulale wawamaliza onse, ena kawiri," anatero a Masiye. "Tenga awa ukawerenge patchuthi. Si mabuku oletsedwa ayi. Ndi nthano chabe za dziko limene kulibe, la mafumu ndi ziwanda ndi mbalame zoyankhula. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Munthu aliyense akakufunsa mwini wake, usatchule dzina langa. Ine anandichenjeza kale kamodzi, ndipo anandiuza kuti kachiwiri sadzandisamutsa, adzangonditenga. Ndili ndi ana atatu ang'onoang'ono, wamkulu sanayambe ndi sukulu yomwe. Wandimva?"

"Ndamva, aphunzitsi. Sindidzakutchulani."

Analonjeza mosavuta, poti maso ake anali kale pa chikuto cha buku loyamba, pamene anajambulapo mtsikana ali m'bwato atanyamula nyali.

2. Pa thandala

Kwawo kwa Hajara kunali kunyanja ku Salima, m'mudzi wa asodzi, ndipo bambo ake, Che Binali, anali mmodzi wa asodziwo. Nyengo imeneyo usipa unkafa wambiri, moti amayi a m'mudzimo ankaswera kugombe. Ankaufutsa m'madzi otentha, n'kuuyanika pa thandala, matebulo aatali a bango aja, kenaka n'kukhala pamthunzi kudikira kuti uume. Kudikira usipa ndi ntchito yotopetsa. Sungachokepo chifukwa akhwangwala sachedwa, komanso palibe chenicheni chimene ukuchita.

Hajara ankakhala pakati pawo mutu uli m'buku. Amene anayamba kumuputa anali mai Eveles, mayi wa kumtunda cha ku Chinguluwe, amene ankabwera ndi mpunga kudzasinthitsa ndi nsomba. Anali mayi wa mawu aakulu, woseka ndi thupi lonse, ndipo za kumtima kwake sizinkachedwa kufika pakamwa.

"Iwe namwali wa Che Binali, m'bukumo muli mwamuna kodi? Taona usipa wa amako ukudyedwa iwe uli ndwii."

"Mulibe mwamuna, amayi. Muli mtsikana wowolotsa anthu pamtsinje, ndiye asilikali a mfumu amuphera amake."

"Awaphera chiyani?"

Funso limenelo ndi limene linayambitsa zonse. Hajara anayankha, mai Eveles anafunsanso, ndipo pamene dzuwa linkafika pamutu amayi onse anali atasendera pafupi. Kuyambira tsiku limenelo unakhala mwambo. Hajara ankawerenga kunyumba, m'mawa mwake n'kudzasimba m'Chichewa zimene wawerengazo.

Maina a m'bukumo anali opinda lilime, choncho amayiwo anapereka awoawo. Mtsikana wa bwato uja anamutcha Nangalawa. Msilikali wothawa nkhondo amene ankayenda naye anakhala Disolimodzi. Mfumu ya dzikolo, imene inali itakhala pampando zaka mazanamazana osamera imvi, anaitcha Sakalamba.

Chinsinsi cha Sakalamba chinali chitsime cha kunyumba kwake. Chaka chilichonse munthu aliyense ankayenera kukaviika dzanja m'chitsimemo, ndipo chaka chimodzi cha moyo wake chinkatsalira m'madzimo kuti mfumu imwe. Akatero ankamuveka chibangili chamkuwa. Wopanda chibangili sankaloledwa kulowa mumsika kapena kukwera ngalawa.

Pa nkhani imeneyi aliyense anali ndi maganizo ake, ndipo panalibe wofuna kugonja. Ena ankati Nangalawa ndi wamwano, sangasunge banja. Ena ankafuna kuti akwatiwe ndi Disolimodzi msanga, ati mwamuna wa diso limodzi sayang'ana akazi ambiri. Amayi awiri oyandikana nyumba anakhala masiku osapatsana moto chifukwa wina ananena kuti mbalame yoyankhula ija ndi kazitape wa mfumu. Ngakhale amuna, amene pagulu ankati n'zachibwana, ankaitsatira kudzera mwa akazi awo. Msodzi wina wachikulire anachita kutumiza uthenga woti wolembayo sanagwirepo nkhafi, chifukwa mtsikana mmodzi sangawolotse bwato lodzaza pamtsinje wosefukira.

Buku lachinayi linawakwiyitsa onse, poti anthu ankangoyenda m'chipululu cha mchere kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

"Wolembayu anasowa chochita," anatero mai Eveles. "Anthu akhala akuyenda chiyambire Lolemba, ine mpaka miyendo yanditupa. Dumpha, mwanawe, tipeze pamene pali nkhani."

Koma pamene wolemba yemweyo anapha Disolimodzi m'buku lachisanu, mai Eveles analira ngati afedwa mlongo wawo, ndipo tsiku limenelo sanagule nsomba. Anati wolembayo ndi mfiti yopanda chisoni, ndipo nkhani zake sadzamveranso. M'mawa mwake anali oyamba kufika, atanyamula ndi kampando komwe.

Hajara zinkamukomera zimenezi, tisabise. Mwana amene dzana lomweli ankangotumidwa madzi tsopano amayi aakulu ankamusungira malo pamkeka.

3. Funso la mai Eveles

Zinthu zinasokonekera chakumapeto kwa buku lachisanu ndi chiwiri, lomaliza lija. Hajara ankasimba za mkulu wake wa Nangalawa, mayi woyembekezera, amene alonda anamubweza pachipata cha msika chifukwa chibangili chake chinali cha chaka chatha.

Mai Eveles anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ndifunseko. Poti anali ndi pakati, sanamuuze kuti avale ziwiri, china cha mwana wa m'mimbayo?"

Amayi onse anafa nako kuseka. Ena anagwa chagada pamchenga, ena anabisa nkhope m'mipango. Anaseka kupitirira muyeso wa nthabwalayo, kenaka kusekako kunaduka mwadzidzidzi, aliyense n'kudzuka kukatembenuza usipa umene unali utatembenuzidwa kale.

"Bukuli silinanene zimenezo," anatero Hajara modabwa.

Atacheuka anaona anyamata awiri a malaya ofiira, ogulitsa makadi a chipani, ataima kuseri kwa thandala. Anangoyang'ana buku limene linali pamiyendo pake, n'kumapita.

Apo m'pamene anazindikira. Masiku amenewo munthu wopanda khadi la chipani ankamubweza pamsika ndi pabasi, ndipo kunkamveka kuti kwina mayi wapakati ankamugulitsa makadi awiri. Zimenezi Hajara ankazidziwa monga aliyense. Koma masabata onsewa anali atamira m'dziko la Nangalawa, moti sanaganizeko n'kamodzi komwe kuti zibangili zija zikufanana ndi kanthu kena. Wolemba wa kutali uja mwina sanamvepo dzina loti Salima, koma anthu a pagombepo ankamva ndi makutu awoawo.

4. Mawu a azakhali

Masana omwewo azakhali ake, Abiti Sidiki, anamuitana kuseri kwa nyumba kumene ankalongedza usipa wouma m'madengu. Anali mlongo wawo wa Che Binali, mayi wa geni amene ankapita ndi nsomba ku Lilongwe, ndipo misewu inali itawaphunzitsa zambiri.

"Khala apa," anatero. "Che Twaibu, wapampando wa chipani m'mudzi muno, atumiza mawu. Akuti amva kuti kugombe kuli nthano yokoma, ndiye mawa abwera kudzamva nawo mathero ake. Tsopano undiuze ine kaye. Ikutha bwanji?"

Hajara anali atamaliza kale buku lomalizalo, ndipo ankalisunga mumtima ngati mphatso. Anafotokoza motsitsa mawu. Tsiku lina anthu a dziko lonse anapangana, navula zibangili zawo nthawi imodzi, n'kuziponya mumtsinje. Zaka zonse zimene mfumu inamwa zinabwerera kwa eni ake. Sakalamba anakalamba pomwepo anthu akuona, mpaka anasanduka fumbi pampando wake. Nangalawa anakana ufumu, nabwerera ku bwato lake.

Abiti Sidiki anasiya dengu, nayang'ana uku ndi uku.

"Allah atikhululukire. Mwana iwe, tamvera bwino zimene ndikuuze, chifukwa sindibwereza. Ku Khombedza kunali telala wina, dzina lake Ramadhani, munthu wanthabwala ngati Eveles wakoyu. Tsiku lina mayi wina anabwera ndi nsalu ya chipani kuti amusokere. Iye anangoti, nsalu imeneyi imasuluka msanga mukaichapa. Ankanena nsalu yeniyeniyo, mwana wanga, utoto wake. Sanatchule munthu aliyense. Sabata isanathe galimoto inabwera. Makina ake anachita dzimbiri pakhonde, mkazi wake anabwerera kwawo, ana anagawana achibale. Anabwerako patapita zaka, mano atatha m'kamwa, ndipo mpaka lero ukamupatsa moni amayamba wayang'ana kumbuyo asanayankhe. Ine ndinamuona ndi maso angawa. Ndiye iwe ukufuna ukaime pagulu, pamaso pa wapampando, ukanene kuti anthu anapangana, anataya zinthu mumtsinje, mfumu yokalamba n'kufa?"

"Koma azakhali, ndi nthano chabe. Dzikolo kulibe."

"Kwa iwe ndi nthano. Kwa anyamata aja ndi nkhani yokapereka kuti aoneke ogwira ntchito. Che Twaibu si munthu woipa. Tinakulira limodzi, amaswali mzikiti umodzi ndi bambo ako, ndipo mkazi wawo amakhala kutsogolo ukamasimba. Koma anyamata aja anena kale. Iwo akapanda kuchitapo kanthu, mawa oneneredwa akhala iwowo. Munthu wamantha usamuyese, ngakhale akhale mbale wako. Mabukuwa anakupatsa ndani?"

Hajara anaweramitsa mutu. "Ndinalonjeza kuti sindinena."

"Ngakhale kwa ine?"

"Ngakhale kwa inu, azakhali. Pepani."

Abiti Sidiki anapumira m'mwamba.

"Chabwino, sunga lonjezo lakolo. Koma uchite izi. Mawa m'mamawa unyamule dengu limodzi undiperekeze ku Lilongwe. Tikakhala masiku angapo. Wofunsa adzauzidwa kuti mwana wapita kukathandiza azakhali ake, ndipo si bodza. Pobwera usipa udzakhala utachepa, amayi atabalalika, sukulu ili pafupi kutsegulira. Nthano yosatha siipha munthu. Anthu adzadandaula sabata imodzi, n'kuiwala."

Malangizo anali abwino. Koma Hajara anaganiza za amayi aja, amene anayenda naye chipululu chonse cha mchere, kuti awasiye m'malere pakhomo penipeni pa mfumu. Anaganizanso, monga amachitira ana anzeru, kuti iye angathe kuchenjera kuposa akuluakulu.

"Ndikathawa adzati ndikubisa kanthu," anatero. "Ndipita, azakhali, koma ndikasintha mathero. Ndikanena kuti mfumu inali yabwino, oipa anali nduna zake. Palibe amene anawerenga bukuli. Adziwa bwanji?"

"Adziwa. Amayi amenewa anthu a m'nkhani yakoyi akuwadziwa kuposa abale awo. Mwezi wonse wakhala ukuwauza kuti mfumuyo ndi yotani, ndiye ukaisambitse tsiku limodzi iwo n'kuvomera? Usachite zimenezo. Tiye ku Lilongwe."

Hajara anati aganiza. M'mawa mwake azakhali atadzamudzutsa anapeza pamphasa palibe munthu. Anali atalawirira kukatunga madzi, ndipo anachedwa dala kuchitsime mpaka basi inapita. Abiti Sidiki nawo sanakwere, poti mtima sunawalole kusiya mwanayo yekha. Hajara sanawauze bambo ake chilichonse, poganiza kuti pofika masana nkhaniyo ikhala itatha.

5. Tsiku la mathero

Kugombe kunadzaza kuposa masiku onse. Kunabwera ngakhale amayi amene analibe usipa woyanika, ena ochokera midzi yoyandikana. Che Twaibu anafika dzuwa litakwera, atavala mkanjo woyera ndi jekete la baji pachifuwa. Anapereka salamu kwa onse, nakhala pa bwato lovundikira. Anyamata a malaya ofiira aja anaima kumbuyo kwawo.

"Pitiriza, mwana wanga," anatero Che Twaibu mofatsa. "Usandiope. Ine ndabwera kudzamva ngati wina aliyense."

Hajara anayamba bwino. Anasimba mmene Nangalawa anadutsira alonda, mmene mbalame yoyankhula ija inamutsogolera m'makonde amdima, mpaka anafika pachitsime pamene mfumu inali itakhala yokha. Amayi anali chete, akhwangwala akudya usipa popanda wowapirikitsa.

Atafika pamenepo anasiya njira ya buku. Ananena kuti Sakalamba ataona Nangalawa anagwetsa misozi. Anati iye sankadziwa kuti anthu akuvutika, zonse zinkachitidwa ndi nduna zake. Anathamangitsa ndunazo, napatsa Nangalawa bwato latsopano. Nangalawa anagwada, napepesa chifukwa chokayikira mfumu. Anthu onse anapukuta zibangili zawo kuti ziwale, navina pabwalo masiku ambiri, ndipo mfumu inapitiriza kulamula mwamtendere.

"Yathera pamenepa," anatero Hajara, natseka buku.

Palibe anaomba m'manja. Amayi ankayang'anana, ena akukanda pansi ndi zala. Ambiri anamvetsa chimene mwanayo wachita, ndipo anasankha kukhala chete. Koma mai Eveles anali ataimirira kale. Abiti Sidiki anawakoka chitenje, iwo anangosasa dzanjalo.

"Mwana iwe, usatipusitse," anatero mai Eveles. "Amake a Nangalawa anaphedwa ndi nduna? Si iwe unatiuza m'buku loyamba kuti mfumu inalamula ndi pakamwa pake, ili kudya? Nanga madzi a m'chitsime aja ankamwa ndani, nduna? Disolimodzi anafera chiyani ndiye? Ine mwezi wonse ndakhala pano, mpunga wanga ukufumbwa m'matumba, kuti ndidzamve kuti anavina? Nangalawa amene ndikumudziwa ine sangagwade. Tsegula bukulo uwerenge bwino. Munthu wodya zaka za anzake, woletsa amayi kulowa mumsika, mathero ake ndi imfa basi. Ngakhale wolemba wankhanza ngati ameneyu sangamusiye wamoyo."

Mai Eveles anayang'ana anzawo kufuna wowavomereza, koma onse anali atawerama. Kenaka anaona malaya ofiira aja, ndipo mawu awo omwe anawabwerera m'makutu. Anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira pakamwa.

Mnyamata mmodzi anayamba kuyenda kulunjika kwa iwo.

"Amayi, dzina lanu ndani? Mumachokera mudzi uti?"

Hajara anawamvera chisoni kwambiri. Mayi ameneyu sanalakwe kanthu koma kukonda nkhani imene iye anamukondetsa. Anadzuka, nakagwada patsogolo pa Che Twaibu.

"Bambo, amayiwa asiyeni. Sadziwa kuwerenga. Zonse akunenazi anazimva kwa ine, ndipo akunena mfumu ya m'buku."

Che Twaibu anakweza dzanja, mnyamata uja anaima.

"Ndiye undiyankhe iweyo. Bukuli likutha mmene wanenera iwe, kapena mmene akunenera amayiwa? Usaiwale kuti kuboma kuli anthu odziwa Chingerezi."

Hajara anayankha chapansipansi. "Mmene akunenera iwo."

"Mfumu ikufa?"

"Ikufa."

Che Twaibu anavula chisoti, napukuta thukuta pamphumi. Nkhope yawo inali ya munthu wotopa, osati wokwiya.

"Mwana wanga, wandiika pamoto. Ine nkhani imeneyi ndaimva yonse kwa mkazi wanga kunyumba, kuyambira buku loyamba, ndipo sindinaonemo cholakwa. Ndinabwera kuti ndimve ndekha, ndikauze akuluakulu kuti ndi nthano za ana, za mbalame zoyankhula ndi zitsime zamatsenga. Ukanasimba monga zalembedwera, ndikanaseka, n'kuuza anyamatawa kuti asamaope mabuku. Mafumu a m'nthano amafa tsiku ndi tsiku. Koma iwe wasintha pamaso panga ndi pamaso pa anthu awa. Ndiye kuti iwe mwini waona kuti nkhaniyi ikufanana ndi kanthu kena, ndipo unafuna kubisa. Tsopano ndikanene kuti chiyani? Anyamatawa amva ndi makutu awo."

Hajara misozi inalengeza. Nzeru zake zonse za dzulo zinathera pamenepo.

"Mabukuwa ndi a yani?" anafunsa Che Twaibu.

"Ndi anga."

"Mwana wa msodzi, mabuku asanu ndi awiri a Chingerezi? Anakupatsa ndani? Unditchulire dzina, iwe ndi amayiwa muzipita kwanu. Mlandu ukhala wa mwini wake."

Abiti Sidiki anali atasendera kumbuyo kwake. "Tchula, mwana wanga," ananong'ona. "Tchula, zakula izi."

Dzinalo linali pa lilime penipeni, ndipo kulitchula kunali kosavuta. Hajara anagwira buku lija ndi manja onse awiri.

"Ndi anga, bambo."

Che Twaibu anamufunsanso, ndipo yankho linali lomwelo. Anadzuka pabwato paja, navala chisoti chawo. Poyankhula sanamuyang'ane kumaso.

"Mwana sakhala ndi katundu wakewake m'nyumba ya bambo ake. Ngati ndi ako, ndiye kuti ndi a Che Binali. Ukawauze kuti mawa m'mawa anyamule mabuku onsewo, tipitire limodzi kuboma. Ukakumbukira dzina lina kusanache, nyumba yanga ukuidziwa."

Ananyamuka, anyamata aja akuwatsatira. Amayi anabalalika mmodzimmodzi osatsanzikana, ena kusiya usipa wawo pathandala. Mai Eveles anatsala atakhala pakampando kawo, akulira mwakachetechete.

6. Pansi pa mtengo wa mango

Kuchokera kugombe kufika kwawo sikunali kutali, koma Hajara anayenda ngati wodwala. Azakhali ake ankabwera m'mbuyo. Sanamukumbutse za basi ya ku Lilongwe, ndipo kukhala chete kwawoko kunamupweteka kuposa kukalipa.

Che Binali anali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, akumata bwato lawo ndi phula. Anali atavula malaya, akuimba kanyimbo ka asodzi chapansipansi. Uthenga unali usanawapeze. Ataona mwana wawo anasiya phulalo, nayang'ana mbali zonse ngati munthu wofuna kuba.

"Wabwera, mayi wanga? Bwera kuno msanga amako asanafike. Iwo akamandifotokozera amadumpha zambiri, ndipo amandiseka kuti ndakalamba ndi nthano." Anamukonzera malo pa chitsa, nkhope ikuwala. "Usauze munthu, koma ine masiku onsewa ndakhala ndikudikira lero. Tandiuza. Sakalamba uja wafa?"

Hajara anayang'ana manja a bambo ake, akuda ndi phula, ong'ambika ndi zingwe za ukonde. Munthu ameneyu sanatsegulepo buku la Chingerezi moyo wake wonse. Kuti asapite kuboma mawa, panafunika dzina limodzi lokha, la munthu wa ana atatu amene anamukhulupirira.

Sanakhale pachitsa paja. Anagwada pamchenga, naika bukulo pansi pakati pa iye ndi bambo ake.

"Ababa," anatero, "sambani kaye m'manja. Pali zimene ndakulakwirani."